Mmene mungadzisamalire pamene mukulandira radiotherapy ya khansa ya m'mawere

Radiotherapy, chithandizo chopha maselo a khansa ndi cheza chochokera m'makina, imapusitsa anthu ambiri pa chiyambi pake. Masiku oyambirira munthu amalowa m'chipinda cha makina, amagona kwa mphindi zochepa, kenako amatuluka osamva ululu uliwonse, ndipo ngati anadutsa kale m'zowawa za opaleshoni ndi chemotherapy (mankhwala amphamvu opha maselo a khansa) amaganiza kuti apa palibenso choti akonzekere. Koma zotsatira za chithandizochi zimabwera mochedwa ndiponso zimawonjezereka tsiku ndi tsiku, moti khungu limafika powawa kwambiri patapita sabata imodzi kapena ziwiri chithandizo chitatha, pamene achibale ayamba kale kusangalala kuti zonse zatha ndipo wodwala sakuonananso ndi anamwino tsiku lililonse. Choncho pokonza za ntchito, zovala ndi thandizo la apabanja, muziganizira masabata otsiriza ndi otsatira, osati oyambirira.

Chifukwa chake simuyenera kujomba

Makina amene amagwiritsidwa ntchito m'zipatala zambiri amatchedwa linear accelerator, ndipo amatulutsa cheza cha mtundu wa X-ray koma champhamvu kwambiri kuposa chojambulira mafupa. Chezachi chimawononga DNA, yomwe imasunga malangizo oyendetsera selo, m'maselo a pamalo amene chalunjikitsidwa. Maselo abwino amatha kudzikonza m'maola a pakati pa tsiku lina ndi linzake, pamene maselo a khansa amalephera kudzikonza bwino, n'chifukwa chake mlingo wonse sauperekera tsiku limodzi koma amaugawa pang'onopang'ono. Cholinga chake pambuyo pa opaleshoni ndi kupha maselo a khansa otsalira amene diso silingawaone. Kafukufuku wamkulu amene anasindikizidwa m'magazini ya The Lancet mu 2011, wokhudza amayi oposa 10,000 amene anachotsedwa chotupa chokha bere n'kutsala, anapeza kuti pa zaka 10 khansa inabwerera mwa amayi 35 pa 100 alionse amene sanalandire radiotherapy, pamene mwa amene analandira inabwerera mwa amayi pafupifupi 19 pa 100.

Kwa zaka zambiri amayi ankalandira chithandizochi maulendo 25 pa masabata 5, kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu. Pambuyo pake kafukufuku wa ku Britain ndi ku Canada anasonyeza kuti maulendo 15 kapena 16 pa masabata pafupifupi 3, mlingo wa tsiku lililonse utakwezedwa pang'ono, amagwira ntchito mofanana, ndipo mu 2020 kafukufuku wotchedwa FAST-Forward anapeza kuti kwa amayi ena amene khansa yawo inapezeka msanga maulendo 5 pa sabata imodzi ndi okwanira. Ena amawonjezeredwa masiku angapo olunjika pamalo penipeni pomwe panali chotupa. Motero mukamva mnzanu wa pamalo odikirira akunena kuti anamulembera masiku 25 pamene inu anakulemberani 15, musaganize kuti akumanani chithandizo kapena kuti matenda ake ndi aakulu kuposa anu.

Chimene chili m'manja mwanu ndi kufika tsiku lililonse. Chithandizo chikadukizadukiza n'kutalika kuposa mmene anakonzera, maselo a khansa otsala amapeza mpata wochulukananso. Musanayambe, konzerani mayendedwe a masiku onse, ndipo ngati chipatala chili kutali pezani malo ogona pafupi nacho, podziwa kuti ulendo umene ukuoneka wopepuka sabata yoyamba udzakhala wolemetsa sabata yachitatu. Makina akawonongeka kapena mukadwala, achipatala amabwezera tsikulo. Khungu likayamba kuwawa musadziimitse nokha, chifukwa kuimitsa kapena kupitiriza ndi chiganizo cha dokotala atakuonani.

Tsiku loyeza ndi kulemba zizindikiro

Chithandizo chisanayambe mudzajambulidwa ndi makina a CT, amene amaonetsa za m'kati mwa thupi, mutagona chagada, mkono umodzi kapena yonse iwiri itakwezedwa kumutu. Kagonedwe ka tsiku limeneli ndi kamene mudzabwereze masiku onse otsatira, choncho ngati phewa likukoka kapena khosi lapindika moti simungapirire kwa mphindi 15, nenani pomwepo kuti akukonzeni, osati kulimba mtima chifukwa choopa kuvutitsa anthu. Amene akuchitabe masewero a mkono amene anaphunzitsidwa pambuyo pa opaleshoni savutika kwambiri pa tsikuli. Akatswiri oyendetsa makina amaika timadontho ting'onoting'ono tosafufutika pakhungu, kapena amalemba ndi cholembera n'kumatapo kapepala koonekera mkati. Zolembazo musazitsuke mwadala, ndipo zikayamba kufufutika musazilembenso nokha, chifukwa kuphonya pang'ono pokha kumasuntha malo amene cheza chikulunjika.

Pali zinthu zoti dokotala azidziwe tsikuli lisanafike: ngati n'kutheka kuti muli ndi pakati, ngati muli ndi kachipangizo kothandiza kugunda kwa mtima kotchedwa pacemaker, ngati munalandirapo radiotherapy pachifuwa m'mbuyomu, ngati muli ndi matenda a lupus kapena scleroderma, komanso mankhwala onse amene mukumwa, azitsamba omwe.

Ngati bere lodwala ndi lakumanzere, mtima umakhala pafupi ndi malo ochiritsidwa, ndipo zipatala zambiri zimaphunzitsa wodwala kukoka mpweya wambiri ndi kuusunga pamene makina akugwira ntchito. Mapapo akadzaza mpweya amakankhira chifuwa kutsogolo ndipo mtima umatalikirana ndi cheza. Mukauzidwa kuti mudzagwiritsa ntchito njirayi, yesererani kunyumba: gonani chagada, kwezani mikono kumutu, kokani mpweya pang'onopang'ono mpaka nthiti zitatambasuka koma msana osanyamuka, ndipo usungeni kwa masekondi 10, n'kumawonjezera masiku otsatira mpaka mutafika pa 20 kapena kuposerapo. Palibe choopa ngati mwalephera kusunga mpweya muli pa makina, chifukwa cheza chimaimitsidwa mpaka mutakonzekanso.

Ulendo uliwonse umatenga mphindi 10 mpaka 20, ndipo zambiri mwa izo zimathera pokugonekani bwino. Makina amazungulira ndi kulira koma sakukhudzani, ndipo cheza sichioneka kapena kumveka m'thupi. Mumatsala nokha m'chipindamo, koma akatswiri amakuonani pa kamera ndipo amakumvani mukalankhula. Valani chovala chakumtunda chosavuta kuvula, ndipo ngati kukhala chifuwa chili pamtunda pamaso pa anthu kukukuvutani, pemphani kuti akufunditseni mbali imene sikuchiritsidwa.

Khungu

Apa ndi pamene pali ntchito yaikulu. Kusintha kwa khungu kumayamba kuoneka pa sabata yachiwiri kapena yachitatu, ndipo malangizo ambiri amanena za kufiira, pamene pakhungu lakuda kufiirako sikuonekera bwino. Khungu lakuda limaderako kwambiri, limatuwa kapena kunyezimira, ndipo nthawi zina woliyang'ana mofulumira amaganiza kuti lili bwino pamene mwini wake akumva kutentha, kuyabwa ndi kukokeka. N'chifukwa chake muyenera kufotokoza zimene mukumva osadikira kuti namwino aone yekha. Tsiku lililonse dziyang'aneni pagalasi pamalo owala, mutukule bere kuti muone kunsi kwake, muyang'anenso m'khwapa, pachipsera cha opaleshoni ndi m'munsi mwa khosi. Amene akuchiritsidwa mpaka m'munsi mwa khosi apemphe wina awaone kumbuyo kwa phewa, chifukwa cheza chimatulukira kumeneko ndipo khungu la pamenepo limasinthanso.

Kale odwala ankaletsedwa kusamba pamalo ochiritsidwa, koma kafukufuku anasonyeza kuti kusamba sikuwonjezera vuto. Sambani tsiku lililonse ndi madzi ofunda pang'ono, osati otentha, ndi sopo wosanunkhira, pogwiritsa ntchito dzanja lokha popanda chinkhupule. Pomaliza musapukute mokhula koma gunditsani kansalu kofewa mpaka pouma, makamaka kunsi kwa bere ndi m'khwapa pomwe chinyezi chimabisala.

Yambani kudzola mafuta ofewetsa khungu kuyambira tsiku loyamba, kawiri pa tsiku, khungu lisanayambe kuuma. Mafutawo akhale osanunkhira, ndipo njira yabwino ndi kupita nawo kuchipatala kuti namwino awaone, n'kufunsanso kuti muzidzola nthawi yanji, chifukwa zipatala zambiri sizifuna kuti mudzole mutatsala pang'ono kulowa pa makina. Mafuta oyeretsa khungu, mankhwala opaka otenthetsa a minofu, sipiriti, ayodini ndi zitsamba zopaka zisayandikire pamalopo. Paudala amaundana m'makwinya a khungu n'kumakhula, choncho ndi bwino kumusiya. Mankhwala oletsa fungo la m'khwapa, amene kale ankaletsedwanso, amaloledwa m'zipatala zambiri malinga khungu lisanang'ambike. Kuyabwa kukakula dokotala angakulembereni mafuta a mtundu wa steroid, monga betamethasone kapena mometasone, koma amenewa si ogula nokha n'kumapaka mwachisawawa. Kukanda kumang'amba khungu lomwe lafooka kale. Kuli bwino kusindikiza pamalopo ndi chikhatho kapena kuikapo kansalu konyowetsedwa ndi madzi ozizira pang'ono.

Musamete m'khwapa la mbali yochiritsidwa ndi lezala. Tsitsi la pamenepo limathothoka lokha ngati cheza chikudutsapo, ndipo tsitsi la kumutu silikhudzidwa konse ndi radiotherapy ya bere. Musathowe pamalopo ndi madzi otentha, musaikepo botolo la madzi otentha kapena ayezi, ndipo pophika musayandikize chifuwa ku moto kapena ku nthunzi, makamaka chifukwa khungu lozungulira chipsera nthawi zambiri limakhala ladzanzi ndipo lingapse inu osamva. Pa dzuwa phimbani pamalopo ndi chovala.

Zovala zikhale zotakasuka, za thonje kapena nsalu ina yofewa. Kamisolo yokhala ndi waya kapena yothina imakhula pamalo omwewo amene amasupuka msanga, choncho sankhani yofewa yopanda waya, ndipo mukakhala panyumba ivuleni. Amayi a mawere aakulu amathandizidwa poika kansalu kofewa ka thonje kunsi kwa bere kuti khungu lisakhulane ndi linzake, n'kumakasintha kakanyowa ndi thukuta, komanso pogona kwa kanthawi mkono utakwezedwa kuti mpweya upite pamalopo. Amene anachotsedwa bere lonse asiye kaye bere loikirira lolemera lija n'kugwiritsa ntchito lopepuka la nsalu mpaka khungu litapola.

Mwa amayi ena khungu limatuluka matuza, limasupuka n'kumatuluka madzi, kawirikawiri kunsi kwa bere kapena m'khwapa. Izi zimachitika kwambiri kwa a mawere aakulu, kwa amene akuchiritsidwa pachifuwa bere litachotsedwa, kwa osuta fodya ndi kwa odwala shuga, ndipo sizitanthauza kuti achipatala alakwitsa kapena kuti khansa ikufalikira. Zikachitika siyani kudzola mafuta pamalo osupukawo ndipo kaonetseni tsiku lomwelo, kuti anamwino atsukepo ndi kuikapo mabandeji osamatirira pabala. Musaboole matuza, musamate pulasitala pakhungu lochiritsidwa, ndipo musaikepo thonje lachabe lomwe limakanirira pabala n'kuchotsa khungu latsopano polimatula. Mafinya, fungo loipa, ululu wowonjezereka mofulumira, kapena kutentha thupi kofika madigiri 38 ndi zizindikiro zakuti palowa tizilombo, ndipo zimenezi si zodikira tsiku lokaonana ndi dokotala.

Wosuta fodya ali ndi chifukwa chachikulu chosiyira pa nthawiyi, chifukwa fodya amachedwetsa kupola kwa khungu ndiponso amakweza chiopsezo cha khansa ya m'mapapo pambuyo pa radiotherapy ya pachifuwa.

Kutopa

Kutopa kwa radiotherapy sikufanana ndi kwa munthu amene wagwira ntchito tsiku lonse, chifukwa tulo sitikuchotsa kwenikweni. Kumachokera ku zinthu zingapo pamodzi: thupi likukonza maselo owonongeka, munthu akuyenda ulendo wa kuchipatala tsiku lililonse, magazi angakhale ochepa pambuyo pa chemotherapy, ndipo nkhawa imasokoneza tulo. Kumayamba pang'onopang'ono, kumakula chakumapeto, ndipo kungapitirire kwa masabata kapena miyezi ingapo.

Zimamveka zosemphana ndi nzeru, koma chimene kafukufuku wasonyeza kuti chimachepetsa kutopaku ndi kuyenda, osati kugona tsiku lonse. Kuyenda pang'onopang'ono kwa mphindi 20 kapena 30 masiku ambiri pa sabata ndi kokwanira, ndipo tsiku lovuta mungazigawe mphindizo pawiri kapena patatu. Tulo ta masana tikhale tatifupi, tosapitirira theka la ola, kuti tisabe tulo ta usiku. Ogwira ntchito yolembedwa angapemphe nthawi ya makina ya m'mawa kwambiri kapena ya madzulo, ndipo akambirane ndi abwana awo za kupeputsa ntchito m'masabata otsiriza ndi awiri otsatira.

Pa nkhani ya thandizo, anthu ambiri amabwera ndi mtima wofuna kuthandiza sabata yoyamba, pamene wodwala akadali ndi mphamvu n'kumawabweza kuti ali bwino, ndipo pofika nthawi yovuta onse amakhala atabwerera ku zochita zawo. M'kuona kwanga ndi bwino kuwauza poyera kuti mudzawafuna liti ndiponso pa ntchito yanji, monga kuchapa, kutengera ana kusukulu kapena kukuperekezani kuchipatala m'masiku otsiriza. Kutopa kukabwera ndi chizungulire, kugunda kwa mtima kofulumira kapena phuma, pemphani kuti akuyezeni magazi. Ndipo ngati kwa masabata awiri kapena kuposerapo mwakhala wosweka mtima, wosafuna kudya kapena kuonana ndi anthu, uzani dokotala kapena namwino, chifukwa matenda a maganizo ali ndi chithandizo chake ndipo si chinthu choti mungopirira.

Mkono ndi phewa

Cheza chimaumitsa minofu pang'onopang'ono, ndipo kuuma kumeneku kungaonekere patapita miyezi. Pitirizani masewero a mkono tsiku lililonse pa nthawi ya chithandizo ndi miyezi yambiri pambuyo pake: kuyendetsa zala pakhoma kukwera m'mwamba mutayang'ana khomalo, kubwereza zomwezo mutaima cham'mbali, ndi kuika manja kumbuyo kwa mutu n'kutambasula zigongono. Kumva kukoka n'koyenera, koma ululu wobaya ndi chizindikiro choti mubwerere m'mbuyo pang'ono.

Ngati opaleshoni kapena cheza zakhudza tizigawo ta m'khwapa tija timatupa munthu akatuluka mwanabele, madzi a m'thupi angayambe kuunjikana mu mkono, vuto lotchedwa lymphoedema. Limayamba mobisika: mkono umalemera, mphete kapena wotchi imathina, mkono wa malaya umagwira mbali imodzi. Likapezeka msanga limalamulirika bwino ndi masewero, kusisita kwapadera ndi chovala chothina cha mkono, choncho musadikire kuti kutupa kuonekere kwa aliyense. Tetezani mkonowo ku mabala ndi kupsa, tsukani kabala kalikonse msanga, ndipo mkono ukatentha, kutupa ndi kuwawa mwadzidzidzi pamodzi ndi kutentha thupi, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Zakudya ndi za m'banja

Palibe zakudya zapadera za radiotherapy ya bere, ndipo chithandizochi sichikonda kuyambitsa nseru. Idyani zakudya zamagulu onse, zomanga thupi zisasowe, ndipo imwani madzi okwanira. Ino si nthawi yoyesa kuchepetsa thupi, chifukwa mlingo wa cheza unawerengedwa potengera maonekedwe a thupi lanu pa tsiku lojambulidwa. Mapiritsi a mavitamini a mlingo waukulu, makamaka C ndi E, musamwe musanafunse dokotala, chifukwa pali nkhawa yakuti angateteze maselo a khansa ku cheza. Amene akuchiritsidwa mpaka m'munsi mwa khosi angamve kuwawa pomeza kwa masabata ochepa, ndipo zakudya zofewa zosatentha kwambiri zimathandiza.

Cheza cha makinawa sichitsalira m'thupi. Makina akazima mungathe kunyamula khanda, kugona pabedi limodzi ndi amuna anu, ndi kukhala pafupi ndi mayi woyembekezera popanda choopsa chilichonse, ndipo ndi bwino kuwafotokozera apabanja zimenezi msanga kuti wina asayambe kukupatulirani mbale kapena chipinda. Kukhala malo amodzi m'banja n'kololedwa ngati mukufuna, koma kutenga pakati pa nthawiyi n'koopsa kwa mwana, ngakhale kwa amene msambo wawo unaima chifukwa cha chemotherapy. Njira zolerera za mahomoni nthawi zambiri siziloledwa kwa amene ali ndi khansa ya m'mawere, choncho funsani za makondomu kapena lupu ya kopa.

Chithandizo chikatha

Tsiku lomaliza lisanafike, funsani nambala ya foni kapena chipinda chimene mungapiteko khungu likaipa, ndipo pemphani mabandeji okwanira ngati layamba kale kusupuka. Monga mphika umene umabwatabe kwa kanthawi ngakhale utaphulidwa, khungu limapitiriza kuipa kwa masiku 10 mpaka 14, kenako limayamba kupola, ndipo mwa anthu ambiri limakhala litatseka pakatha masabata angapo. Pitirizani kasamalidwe komwe kaja nthawi yonseyi. Kuda kwa khungu kumachepa pa miyezi yambiri ndipo mwa ena sikutheratu, ndipo kwa zaka zambiri pamalopo sipachedwa kupsa ndi dzuwa.

Bere lingatupe, kulemera kapena kumva kubaya kwa kanthawi kochepa pamene mitsempha ikuchira, ndipo m'kupita kwa zaka lingalimbe kapena kucheperapo kusiyana ndi linzake. Bere lochiritsidwa nthawi zambiri limatulutsa mkaka wochepa kapena silitulutsa konse, koma linalo limatha kuyamwitsa. Mwa anthu ochepa mapapo amatupa patapita mwezi umodzi mpaka miyezi 6, ndipo zizindikiro zake ndi chifuwa chouma, phuma ndi kutentha thupi. Mukapita kuchipatala ndi zimenezi nenani kuti munalandira radiotherapy pachifuwa, kuti asangokupatsani mankhwala a chibayo n'kukubwezani. Amene cheza chinafika m'munsi mwa khosi ndipo kutopa sikukutha afunse za kuyezetsa chithokomiro, kachiwalo ka pakhosi kotulutsa mahomoni.

Ngati munapatsidwa mapiritsi a mahomoni monga tamoxifen, letrozole kapena anastrozole, amenewa amamwedwa kwa zaka 5 kapena kuposerapo ndipo kutha kwa radiotherapy sikuwaimitsa. Kujambulitsa mawere ndi makina a mammogram kumachitika kawirikawiri chaka chilichonse. Khungu likapola, khalani ndi chizolowezi chogwira bere kapena chipsera, m'khwapa ndi m'munsi mwa khosi kuti mudziwe mmene pakumvekera tsopano, chifukwa pamakhala timalo tolimba tochokera ku opaleshoni ndi cheza, ndipo chotupa chatsopano, bala losapola kapena kusintha kwa bere linalo muyenera kukazionetsa musanafike tsiku limene anakulemberani.